Mlatho wa Odrevan

Mchimwene wanga Ziemowit anasiya gemu yake ili pakati,
monga anasiyira tiyi pazenera, jekete pamsomali.
Patatha miyezi itatu chimuikireni m'manda
ndinayatsa kompyuta yake.
Kunja, mzinda wa Gdansk unali utafunda chipale,
tramu yomaliza ikukukuta mano panjanji.

Pasikirini panali mlatho wamiyala,
pakati pake munthu atagwada,
chitsulo chokhachokha kuyambira kumutu mpaka kuphazi,
kavalo wake atatsala mafupa, chishalo chikadali pamsana.
Dzina linatuluka m'munsi ndi zilembo zofiira:
Odrevan, wotsiriza wa nyumba ya Skarne.

Anandidula pakati ndisanadziwe n'komwe batani lothawira.

Pakona panaoneka nambala,
mazana awiri ndi khumi ndi zinayi.
Ndinaiyang'ana nthawi yaitali ndisanamvetse
kuti mwa imfa zonsezo yanga inali imodzi yokha.

Mbiri ya Odrevan palibe amene amakuuza.
Umatola wekha, kachidutswa apa, kachidutswa apo,
pa chigwinjiri cha mtembo, pa mphete ya m'chitsime,
kuseri kwa chishango chong'aluka.
Akuti kholo lake linapinyolitsa belu la mzinda kwa mtsinje
kuti lipambane nkhondo ya tsiku limodzi.
Linapambana. Belu silinakawombole.
Chiyambire pamenepo mwana wamwamuna aliyense wa Skarne
amachita dzimbiri kuchokera m'kati,
chitsulo chimamera pakhungu ngati chipere
mpaka chisoti chikana kuvuka
ndipo mkazi wake amamuzindikira ndi chifuwa chokha.

Ndinaseka ndekha. Wolemba izi anatidziwira kuti?
Agogo a Kazimierz ankawotcherera zombo kudoko,
malipiro a Loweruka osafika Lolemba.
Atate analandira botolo lija, ndi dzanja lolemera lija,
ngati cholowa chosafuna saini.
Ziemowit analumbira ali ndi zaka khumi ndi ziwiri,
titabisala pansi pa tebulo, mbale zikusweka pamwamba:
ine ayi, Halszka, ine ayi.
Mawu ake anali akadali a mwana.

Ndinafa Lachiwiri. Ndinafa Lachitatu lonse.
Zala zinatupa, supu inazizira kawiri.
Kenaka ndinayamba kumuwerenga:
asanamenye amakweza phewa lamanzere,
amapuma kamodzi, ngati akupepesa pasadakhale.
Phewa limenelo ndinalidziwa kale.
Ndinaliphunzira kukhitchini, ndili wamfupi kuposa sitovu.

Usiku wachisanu ndi chinayi lupanga langa linamupeza.
Moyo wake unatsala ngati ulusi.
Nyimbo inaleka.
Anagwadanso pamalo omwe aja,
navula chitsulo cha kudzanja,
ndipo dzanjalo linali la munthu wamba,
zikhadabo zolumidwa, likunjenjemera.

Anati: Ngati ndiwe mwana wanga, fulumira.
Ngati si iwe, bwerera. Ngongole iyi si yako.

Sindidziwa ngati Ziemowit anafikapo apa.
Mwina ayi.
Mwina anafika kambirimbiri, namva mawu amenewa,
nasiya lupanga limugwere
kuti mawa adzabwerenso kudzawamva.

Ndinachotsa manja pamabatani.

Opanga gemu sanalembe kanthu za munthu wokana kumenya
komanso wokana kuchoka.
Choncho tinangokhala, iye chogwada, ine chiimire,
mvula yomweyomweyo ikugwa mobwereza pamiyala,
khwangwala mmodzi yemweyo akudutsa mphindi iliyonse
kuchokera kumanja, osatera.

Amayi anagogoda khoma: Halszka, sunagone?
Ndinati ndikugona.
Jekete lija linali pamsomali pomwepo,
likununkhabe fodya ndi mphepo ya kudoko.
Sindinalivale. Sindinalitaye.

Kutatsala pang'ono kucha
belu linalira kamodzi, kutali, ngati pansi pa madzi.
Odrevan sanadzutse mutu.
Ndinakweza mawu a kompyuta, ndinamvetsera mpaka makutu kuwawa.
Mwina inali tramu yoyamba chabe,
ikutenga anthu a kudoko.